Kuwerengera Nthaka Tisanaswe Mphanje: Phunziro la ku Nyanja ya Chilwa

Mlimi aliyense wanzeru amawerengera. Mvula isanagwe amasuzumira m'nkhokwe yake nayesa ngati chimanga chidzamfikitsa ku zokolola zina. Amayendera munda wake naganiza mbali imene adzabzala chimanga, mbali imene adzaika fodya, ndi mbali imene adzasiyira nandolo kapena mpendadzuwa. Kuwerengera kotere amakuchita mumtima, popanda pensulo kapena pepala. Koma alipo anthu ena, ophunzira za chuma ndi za nthaka, amene nchito yao ndiyo kuchita kuwerengera komweku, osati pa munda umodzi ai, koma pa dziko lonse la mitsinje yambiri pamodzi. Iwo amafunsa kuti: Anthu akachuluka adzalima kuti? Fodya akakwera mtengo pa msika, nkhalango idzatsala yotani? Dambo likasanduka munda, asodzi adzataya zingati?

M'nkhani ino tifuna kufotokoza machitidwe a kuwerengera kumeneku, ndi zimene kutiphunzitsa za dziko lozungulira Nyanja ya Chilwa. Inu alimi a ku Phalombe, a kwa Chiwalo, kwa Jenala, kwa Mkhumba, kwa Kaduya ndi kwa Nazombe, nkhaniyi ndi yanu, pakuti madzi ogwa pa minda ya ambiri a inu amakathera m'nyanja imeneyi.

MBALE YOPANDA CHIBOO

Dziko la Chilwa lili ngati mbale yaikulu. M'mbali mwake muli mapiri: Mulanje ndi Michesi kummwera, Chiradzulu ndi Zomba kumadzulo, Chikala chakumpoto, ndi mapiri a ku Mozambique kummawa. Kuchokera m'mapiri amenewa mitsinje imatsikira pakati pa mbaleyo. Phalombe ndi Sombani ichokera ku Mulanje. Namadzi, Thondwe, Likangala ndi Domasi ichokera kumadzulo. Mnembo uchokera ku Mozambique. Kukula kwa mbale yonseyi ndi masikweya kilomita oposa 8,000.

Chosiyanitsa nyanja imeneyi ndi Nyanja ya Malawi nchakuti ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi ake amachoka ndi dzuwa ndi mphepo basi. Nchifukwa chake ali ndi kamchere, monga momwe David Livingstone anaonera pamene anafika pa nyanjayi m'mwezi wa Epulo 1859, nailemba dzina lakuti Shirwa. Tsono popeza palibe potulukira, chilichonse chimene mitsinje ibwera nacho chimakhala momwemo. Dothi likalowa, lalowa. Ndiponso nyanjayi ndi yosaya, kotero kuti m'malo ambiri bwato amaliyendetsa pokankha pansi ndi mtengo wautali.

Nyanja ya Chilwa imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2012 ndi mu 2018 madzi anathawa kutali, mabwato natsala pa dothi long'ambika. Aphunzitsi a ku Chancellor College anaifufuza nyanjayi kwa zaka khumi kuyambira mu 1966, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1979. Iwo anaona kuti madzi a nyanjayi amatsata mvula: mvula ikachepa zaka ziwiri kapena zitatu zotsatana, nyanja imabwerera. Chotero sitinena kuti khasu lokha ndilo liphwetsa nyanja ai. Inkaphwa kale anthu asanachuluke. Koma khasu lili ndi mbali yake, monga tionera.

M'mbale imeneyi muli nthaka za mitundu inai. Pamwamba pali mapiri ndi nkhalango. Pansi pake pali minda ya chimanga, fodya, nandolo ndi mapira. Kenaka pali madambo, kumene kuli mpunga, madimba ndi msipu wa ng'ombe. Potsiriza pali nyanja yeniyeni ndi njedza zake, kumene kuli matemba, makumba ndi milamba. Zinai zimenezi nzolumikizana ngati mikanda ya pa chingwe chimodzi: mukakoka umodzi, yonse igwedezeka.

KODI CHIFANIZO CHA MASAMU NCHIYANI?

Mwana akaumba ng'ombe yadothi, si ng'ombe yeniyeni ai, koma ili ndi nyanga, linunda ndi miyendo inai, ndipo aliyense aizindikira. Mmisiri asanamange nyumba amayamba waijambula pansi, kuti adziwe njerwa ndi mitengo imene idzafunika. Chomwechonso anthu ophunzira za chuma amapanga chifanizo cha dziko, koma m'malo mwa dothi amagwiritsa nchito manambala. Chifanizo chotere chimangidwa ndi zinthu zinai.

Choyamba ndi mapu oonetsa mmene nthaka ili kugwirira nchito: pamene pali nkhalango, pamene pali minda, pamene pali dambo ndi pamene pali midzi. Kuyambira mu 1972 pali makina oyenda m'mlengalenga, otchedwa masetilaiti, amene amajambula dziko kawirikawiri. Poyerekeza chithunzi cha chaka china ndi cha chaka chinzake, munthu aona bwino lomwe nkhalango imene yatha ndi dambo limene lasanduka munda.

Chachiwiri ndi chiwerengero cha anthu, chochokera ku kalembera wa Boma.

Chachitatu ndi mitengo ya pa msika: mtengo wogulitsira mbeu iliyonse, mtengo wa feteleza, wa aganyu, ndi wonyamulira katundu kukafika naye ku msika.

Chachinai ndi mvula, mtundu wa dothi ndi kutsetsereka kwa malo.

Akasonkhanitsa zonsezi amaziika m'makina a kompyuta pamodzi ndi lamulo limodzi lalikulu, lakuti mlimi amasankha mbeu ndi malo zimene zimthandiza koposa kudyetsa banja lake ndi kupeza ndalama. Akatero amayamba kufunsa chifanizocho mafunso akuti "bwanji zitati". Bwanji feteleza atakwera mtengo kawiri? Bwanji mvula itachepa zaka zitatu? Bwanji mseu utakonzedwa? Chifanizocho chimayankha kuti minda idzakula maekala akuti, chimanga chidzakhala matumba akuti, ndipo dothi lokokoloka lidzakhala lakuti.

MLIMI AMENE ANAYAMBA NZERUYI

Nzeru imeneyi sinayambe ndi kompyuta ai; inayamba ndi mlimi. Dzina lake anali Johann Heinrich von Thünen, ndipo munda wake unali ku Tellow m'dziko la Germany. Kwa zaka khumi analemba m'buku zonse zolowa ndi zotuluka pa munda wake, ndipo mu 1826 anasindikiza zimene anapeza. Anaona kuti phindu la munda ndi mtengo wa mbeu pa msika, kuchotsapo zimene mlimi anaononga polima, kuchotsaponso zimene anaononga ponyamula. Chifukwa chake zinthu zosachedwa kuonongeka, monga mkaka ndi ndiwo zamasamba, zimalimidwa pafupi ndi mzinda; zinthu zouma, zotha kuyenda ulendo wautali, zimalimidwa patali; ndipo kutali kwenikweni kumatsala ziweto, popeza zimayenda zokha kupita ku msika.

Yang'anani kwanu komwe ndipo muona kuti nzoona. Munthu wokhala pafupi ndi msika wa pa Migowi kapena wa pa Chiringa angathe kupindula ndi matimati ndi mpiru. Wokhala kutali, kumene galimoto sifika nthawi ya dzinja, amadalira nandolo, mpendadzuwa ndi fodya, zimene zingadikire. Fodya amayenda mpaka ku okushoni ku Limbe osaonongeka. Msodzi wa pa Swang'oma amayanika matemba ndi kuwamba milamba kuti ifike nayo ku misika ya kutali. Ndipo mseu wochokera ku Chitakale kudzera pa Phalombe ndi pa Jali kukafika ku Zomba ukakhala wabwino, mtengo wonyamulira umatsika, ndipo malo amene kale anali opanda phindu amayamba kulimidwa. Mseu umabweretsa ndalama, koma umabweretsanso ogula makala ndi matabwa. Chifanizo chabwino chimawerenga mbali zonse ziwiri.

ANTHU ALI KUCHULUKA, NTHAKA SIKULA

Pa kalembera wa mu 1966 m'Malawi munali anthu ongopitirira 4 miliyoni. Pa kalembera wa mu 2018 anapezeka oposa 17 miliyoni ndi theka. Boma la Phalombe, limene linapatulidwa ku Mulanje mu 1998, linali ndi anthu pafupifupi 232,000 chaka chimenecho, ndipo pofika mu 2018 anali pafupifupi 429,000. Ndiye kuti m'zaka 20 zokha anthu anatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, koma chigwa cha Phalombe nchomwecho chimene makolo a Chilomwe ndi a Chinyanja anachipeza.

Tiyerekeze chonchi. Mai wina ali ndi munda wa maekala 8, ndipo augawira ana ake aakazi anai monga mwa mwambo wa kuno. Aliyense alandira maekala awiri. Anawo akagawiranso ana ao anaianai, mdzukulu aliyense atsala ndi theka la ekala. Kale munda ukatopa unkasiyidwa tsala zaka zingapo kuti upume. Wa theka la ekala angasiye tsala mbali iti?

Pa nkhani imeneyi ophunzira akhala ndi maganizo awiri. Thomas Malthus wa ku England analemba mu 1798 kuti anthu amachuluka msanga kuposa chakudya, ndi kuti mapeto ake ndi njala. Koma mai Ester Boserup wa ku Denmark analemba mu 1965 kuti malo akachepa anthu amaphunzira kulima mwaluso, kuthira manyowa, kuthirira, ndi kukolola zambiri pa malo omwewo. Kunena zoona njira zonse ziwiri zilipo pamaso pa banja lililonse. Munda ukachepa, munthu angathe kukaswa mphanje m'phiri, m'mbali mwa mtsinje kapena m'dambo. Kapena angathe kuchulukitsa zokolola pa munda umene ali nao kale. Nchito yaikulu ya chifanizo cha masamu ndiyo kuonetsa chimene chimkankhira munthu ku njira iyi kapena iyo.

MSIKA NDIWO UTEMBENUZA KHASU

Chimene chimkankha kwambiri ndi msika. Taonani zitsanzo zinai za m'dziko lathu lino.

Fodya wa bale. Chisanafike chaka cha 1990 lamulo linkalola eni maesiteti okha kulima fodya ameneyu. Lamulo litamasulidwa, alimi a m'midzi ambirimbiri anayamba kumlima m'zaka zowerengeka. Ndalama zinalowa m'midzi. Koma chigafa chilichonse chifuna mitengo ndi udzu, ndipo fodya wochiza ndi utsi afuna nkhuni. Wowerengera phindu la fodya osawerengera mitengo sanamalize masamu ake.

Nandolo. Nandolo wambiri wa kuno amagulidwa ndi amalonda otumiza ku India. M'mwezi wa Ogasiti 2017 Boma la India linachepetsa nandolo wolowa m'dziko lao, ndipo mtengo unagwa kwambiri m'misika ya kuno. Alimi amene anadzaza minda ndi nandolo yekha analira. Mu 2021 maiko awiriwa anapangana kuti India azigula matani 50,000 pa chaka kwa zaka zisanu. Onani tsono: chinthu chogamulidwa kutsidya kwa nyanja yamchere chisintha mbeu za m'munda wa kwa Nazombe.

Feteleza. Kuyambira mu 2005 Boma linayamba kugawa makuponi ogulira feteleza ndi mbeu pa mtengo wotsika. Amene analandira anakolola chimanga chochuluka pa munda womwewo. Koma feteleza akakwera mtengo, munthu wopanda ndalama amafunafuna nthaka yatsopano imene ikali ndi chonde chake, ndipo nthaka yotere yatsala m'phiri ndi m'mbali mwa mitsinje.

Mpunga. Masikimu a Likangala ndi Domasi anamangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 ndi chithandizo cha akatswiri a ku Taiwan. Athandiza mabanja ambiri kukolola mpunga wogulitsa. Koma madzi amene apatutsidwa kuthirira mpunga ndi madimba m'chilimwe ndi omwe aja akanafika ku nyanja.

Palinso china chimene chifanizo cha dziko la Chilwa sichiyenera kuiwala. Nyanja ikaphwa asodzi sakhala manja lende. Ena amalima pa matope amene madzi asiya, ena amapita ku Nyanja ya Malawi kapena ku Malombe, ena amakwera phiri kukaotcha makala. Chotero chaka chimene nyanja yauma ndi chomwecho chimene nkhalango ilandira nkhwangwa zambiri.

DOTHI LIMENE LIPITA KU NYANJA

Pali njira yowerengera dothi lokokoloka yotchedwa SLEMSA, imene H. A. Elwell anaikonza ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo yagwira nchito m'Malawi muno. Njirayi imayang'ana mphamvu ya mvula, mtundu wa dothi, kutsetsereka ndi kutalika kwa malo, ndiponso zomera zimene zaphimba nthaka. Mu 1992 a World Bank anawerengera kuti dziko lino litaya matani 20 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2016, wochitidwa ndi Boma pamodzi ndi bungwe la FAO, anapeza kuti mu 2014 anali matani 29.

Kuti timvetse bwino, matani 29 pa hekitala ali ngati matumba 230 a makilogalamu 50 pa ekala imodzi. Ganizani munthu wobwera usiku ndi ngolo natenga matumba 230 a dothi lapamwamba m'munda mwanu chaka ndi chaka. Kodi simukanakamsumira kwa amfumu? Nambala imeneyi ndi ya pakatikati pa dziko lonse: pa chigwa chosalala dothi lochoka nlochepa, koma pa mtsetse wa phiri wopanda mitengo nlochuluka koposa.

Dothi limeneli likachoka libvulaza katatu. Poyamba lisiya munda wa mwini wake wopanda chonde, ndipo feteleza wothira pamenepo sagwira bwino. Kachiwiri likwirira mitsinje ndi ngalande za mpunga, kotero kuti madzi amasefukira m'dzinja ndi kuphwa msanga m'chilimwe. Kachitatu likakhazikika m'nyanja, imene ilibe potulutsira, niichititsa kukhala yosaya koposa kale. Ndipo madzi osaya dzuwa silichedwa kuwamaliza.

Anthu a ku Phalombe sasowa wowauza za mphamvu ya madzi otsika m'phiri. Pa 10 Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi miyala yaikulu, napha anthu mazana angapo, nakwirira midzi ndi minda. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy anachitanso zoopsa m'boma lomweli. Mvula yotere palibe munthu angaitseke. Koma phiri lokhala ndi mitengo limagwira dothi lake ndi kuchedwetsa madzi, pamene phiri lometedwa limangowataya onse nthawi imodzi.

NDANI ALIPIRA?

Mu 1999 mai Kirsten Schuyt anawerengera mtengo wa zinthu zimene anthu amapeza m'nyanja ya Chilwa ndi m'madambo ake pa chaka. Zonse pamodzi zinakwana pafupifupi madola 21 miliyoni a ku America. Mwa ndalama zimenezi, zoposa 18 miliyoni zinali za nsomba, pamene za ulimi wa m'madambowo zinangopitirira pang'ono 1 miliyoni. Zotsalazo zinali za msipu, za mabwato onyamula anthu ndi za udzu. M'chaka chabwino monga cha 1979 nyanjayi inatulutsa nsomba zoposa matani 20,000. Matemba amene mumadyera nsima, inu alimi a kumtunda, ndiwo ndiwo zotsika mtengo za anthu osauka m'chigawo chonse cha kummwera.

Pamenepa ndipo pagona nkhani. Munthu akaswa mphanje m'phiri, chimanga chake chimalowa m'nkhokwe yake. Koma dothi lochoka pamenepo likakwirira mpunga wa munthu wina, ndi kuononga malo oswaniramo nsomba za munthu winanso. Phindu nlake, koma ngongole alipira ndi anzake amene sawadziwa nkomwe. Masamu a munthu mmodzi amati, "Lima." Masamu a dziko lonse amati, "Taya kuno nkwakukulu kuposa phindu." Chifukwa chake nkhani ya nthaka siingathe ndi munthu mmodzi, ifuna mafumu, makomiti a m'midzi ndi Boma. Mutu umodzi susenza denga.

Izi zinaoneka mu 1995. Nyanja itaphwa, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje. Mafumu, asodzi ndi a Dipatimenti ya Nsomba anagwirizana kuletsa kuthira katupe ndi kukoka makoka m'maiwe amenewo. Madzi atabwerera, nsomba zija ndizo zinadzazanso nyanja.

MASAMU A ALIMI AWIRI

Tsopano tiyeni tipange chifanizo chathu chaching'ono. Manambala awa ngongoyerekeza, kuti muone kachitidwe kake. Inu muikemo a m'munda mwanu.

Pali alimi awiri, ndipo aliyense ali ndi ekala imodzi yotopa yopatsa matumba 6 a chimanga. Onse awiri chakudya sichiwakwanira.

Woyamba akaswa mphanje ya ekala imodzi pa mtsetse wa phiri. Chaka choyamba apezapo matumba 12, chachiwiri 9, chachitatu 6, chachinai 4, chachisanu 3, chifukwa mvula ili kuchotsa dothi. Pa zaka zisanu waonjeza matumba 34.

Wachiwiri akhala pa munda wake wakale. Akonza akalozera, alima mizere yopingasa, athira manyowa, akwirira mapesi, abzala nandolo pakati pa chimanga. Chaka choyamba aonjeza thumba limodzi lokha, chachiwiri 3, chachitatu 5, chachinai 6, chachisanu 7. Pa zaka zisanu waonjeza matumba 22.

Tikaima pamenepa, woyamba wapambana. Koma tiyeni tipitirire zaka zina zisanu. Mphanje ija tsopano yatsala miyala ndi zigwembe. Ipatsa matumba 2, 2, 1, 1, ndipo chaka chotsiriza mwini wake aisiya. Pa zaka khumi zonse wapeza matumba 40. Wachiwiri uja apitirira kuonjeza matumba 7 chaka chilichonse, ndiwo 35. Pa zaka khumi zonse wapeza 57. Kumbukiraninso kuti woyamba anali kupalira maekala awiri pamene wachiwiri anali kupalira imodzi, ndipo sitinachotsere woyambayo dothi limene linakwirira minda ya anzake kumunsi.

Masamu amenewa atiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, kusamala munda wakale kupambana pa mapeto. Chachiwiri, munthu wokaswa mphanje m'phiri si wopusa ai. Ana ake ali ndi njala chaka chino, osati chaka chachisanu ndi chitatu, ndipo akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chotero amene afuna kuti phiri lisungike ayenera kuthandiza munthuyo kuoloka zaka zitatu zoyambazo, zimene munda wakale ukali kuchira: ndi mbeu, ndi mbuzi za manyowa, ndi ngongole yaing'ono, kapena ndi nchito ya m'chilimwe.

CHIFANIZO SI ULA

Tisaganize kuti chifanizo cha masamu chimalosera zamtsogolo ngati woombeza. Chimangonena kuti, "Zinthu zikayenda chonchi, zotsatira zake zidzakhala zakuti." Ukachipatsa manambala olakwa, chikubwezera yankho lolakwa. Sichidziwa chaka chimene mvula idzakana, kapena tsiku limene dziko lina lidzatseka msika wake. Ndiponso zilipo zinthu zobvuta kuziika m'manambala, monga manda a makolo, mitengo ya mankhwala, ndi mtendere wa pakati pa midzi iwiri yomwera mtsinje umodzi.

Mbiri yathu ili ndi chenjezo pa nkhani imeneyi. Mu 1946 Boma la Atsamunda linaika lamulo losamalira nthaka, ndipo njala ya mu 1949 itapita linalimbikira kukakamiza anthu kukumba milambala ndi kulima mizere. Okana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu anaida nchito ya malimidwe, ndipo m'malo ambiri anaisiya atangopeza mpata. Akuluakulu a nthawi imeneyo anawerengera bwino za madzi ndi dothi, koma sanawerengere thukuta la wokumbayo, ndipo sanamfunse maganizo ake. Chifanizo chosiya kunja mwini munda nchopunduka. Inu ndinu amene mudziwa pamene madzi amadutsa, pamene chiswe chimabvuta, ndi mwezi umene manja amachepa pakhomo. Pamene alangizi kapena ofufuza afika m'mudzi ndi mafunso ao, auzeni zoona, pakuti mayankho anuwo ndiwo njerwa zomangira chifanizocho.

ZOYENERA KUCHITA

1. Sungani kabuku ka munda wanu. Lembani kukula kwa munda, mbeu imene munabzala, feteleza ndi manyowa amene munathira, masiku a aganyu, ndi matumba amene munakolola. Mwana wa sukulu angathe kukulemberani. Pakatha zaka zitatu kabukuko kadzakuuzani mbeu imene ikupindulitsani ndi imene ingokudyerani mphamvu.

2. Powerengera phindu la fodya, ikanimo mitengo ya chigafa ndi nkhuni, ndipo bzalani mitengo yanuyanu m'malire a munda ndi pakhomo.

3. Musaike munda wonse pa mbeu imodzi chifukwa chakuti chaka chatha inali ndi mtengo wabwino. Yambani mwapatula malo a chakudya, ndipo otsalawo muwagawe.

4. Werengerani zaka khumi, osati chimodzi. Ndipo m'zaka khumizo ikanimo ziwiri kapena zitatu za mvula yochepa, pakuti dziko la Chilwa ndi lotero.

5. Musanaganize za mphanje, yambani mwachiza munda wakale: akalozera, mizere yopingasa, udzu wa vetiva, manyowa, kukwirira mapesi m'malo mowatentha, ndi kasinthasintha wa chimanga ndi mbeu za mtundu wa nyemba. Misangu imene yamera yokha m'munda musaidule.

6. Siyani mpata wa udzu, bango ndi mitengo m'mbali mwa mtsinje, ndipo musatenthe njedza za m'mphepete mwa nyanja, chifukwa ndimo mubisala ana a nsomba.

7. Nkhani za phiri, za dambo ndi za kupatutsa madzi zikambidwe pa bwalo la amfumu, pali a kumtunda ndi a kumunsi omwe, pamodzi ndi mlangizi wa zaulimi.

Mvula ili m'manja mwa Mulungu, ndipo mitengo ya pa msika imagamulidwa kutali. Koma malo amene khasu ligwera ali m'manja mwanu. Musanagwire nkhwangwa kupita ku phiri chilimwe chino, khalani pansi ndi a pabanja panu, tengani kabuku, ndipo muwerengere zaka khumi.